Usadzawavule Nsapato Anthu Ako

Katowo, Rumphi

Wokondedwa mwana wanga Tiwonge,

Ndatseka shopu masana ano, maburashi ndaviika m'parafini, ndipo ndakhala pa benchi lija la mwendo umodzi waufupi kuti ndikulembere. Amayi ako apita kwa mng'ono wawo kukakazinga mtedza woti unyamule mawa, ngakhale wawauza katatu kuti ku bwalo la ndege akaulanda. Asiye akazinge. Ukaudyera m'basi ya ku Lilongwe.

Dzana, tikulemba chikwangwani cha chigayo, unandifunsa funso ine n'kuliyankha mwachibwana. Unati, "Adada, kusukulu yojambula kuja akakandifunsa kuti kwanu n'kuti, ndipo umajambula za anthu ati, ndikati chiyani? Amama ndi Atumbuka, inu munabadwira ku Zimbabwe, m'nyumba timalankhula Chichewa, ndiye pano ndikupita ku Sikotilandi." Ine ndinati, "Ukawauze kuti kwanu n'ku Katowo, kuseri kwa chigayo." Unaseka, koma ndinaona kuti sunakhutire. Funso limenelo lakhala likundivuta zaka zoposa makumi atatu, ndipo poliyankha ndalakwitsa zambiri. Ndikufuna ndikuuze zimene ndinalakwitsazo, kuti iwe ukalakwitse zina zatsopano, osati zanga zomwezi.

Ukudziwa kuti ndinabadwira m'komboni ya pamgodi. Agogo ako aamuna anachoka kuno ku Katowo ali mnyamata, n'kukakwatira mayi wa Chishona, amene ndi agogo ako aakazi omwe sunawaonepo. M'komboni muja Amalawi onse, kaya Mtonga, Mlomwe kapena Mtumbuka, tinkamvana m'Chichewa, n'chifukwa chake ndicho chinakhala chilankhulo changa. Eni dziko ankatitcha mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ngakhale bambo anga ku Blantyre anangodutsako kamodzi pa lole. Kulemba zikwangwani ndinaphunzira kwa mkulu wina amene ankalemba machenjezo a pamgodi. Mgodi utatsekedwa, bambo anati abwerera kwawo, ndipo ananditenga ine ndili ndi zaka makumi awiri. Amayi anatsala ndi azilongo anga, akuti adzatitsatira tikamanga nyumba. Ndinkaganiza kuti ndikupita kwathu. Nditafika, anthu anayamba kunditcha wa ku Zimbabwe.

Ntchito yanga yoyamba kuno inali khoma la golosale ya a Mhango, ija inagwa ndi mvula iwe uli wamng'ono. Iwo anati, "Undilembere dzina la golosale, pambali pake ujambule phiri, kuti pakongole." Ndinajambula masiku atatu ndi mtima wanga wonse. Koma phiri limene linatuluka m'dzanja langa silinali la ku Nyika. Linali mulu wa dothi lachikasu lotayidwa kuchokera mumgodi, limene ndinkaliona m'mawa uliwonse ndikatsegula chitseko, ndipo pambali pake ndinaika miyala ikuluikulu yosanjikizana ngati ikufuna kugwa. Tsiku la msika anthu anaunjikana. Wina anafunsa kuti, "Phiri lopanda mtengo ili ndi la kuti?" Wina anati, "Wajambula chulu!" Anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. A Mhango okha sanaseke. Anati, "Lisiye, anthu akuima pa golosale yanga." Koma ine manyazi anandigwira. M'mawa mwake ndinalawirira ndi ndowa ya laimu n'kufufuta zonse, kenako ndinajambula phiri lobiriwira ngati la pa kalendala. Palibe anasekanso, ndipo palibe anaimanso kuti aliyang'ane.

Ukumva, Tiwonge? Sanandituma kufufuta. Ndinafufuta ndekha. Kumene ukupitako udzajambula chinthu chochokera kuno, mwina fumbi lofiira la msewu wa ku Thazima kapena fodya ali pa chigafa, ndipo wina adzafunsa kuti ichi n'chiyani. Mwina adzaseka. Usathamangire laimu. Munthu amene waima n'kufunsa ndiye kuti chithunzicho chamugwira. Muyankhe. Ine zaka khumi zotsatira ndinkangojambula mabotolo a zakumwa, mitu ya anthu ometedwa bwino ndi nkhuku za pa malesitilanti. Zinatidyetsa, sindikuzinyoza, koma munalibe ine m'menemo.

Cholakwa chachiwiri chinali kunyada. Atandiseka paja, ndinaganiza kuti nanenso ndiwakana. Chitumbuka ndinkachimva pang'ono, koma ndinkayankha m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Ku maliro sindinkapita. Munthu akandipatsa moni ndinkangokweza burashi. Ndinkadziuza kuti ndili pa ulendo, tsiku lina ndidzabwerera ku tawuni ya magetsi. Amayi ako ndinakumana nawo nthawi imeneyo. Ankaphunzitsa Sande sukulu, ndipo mpingo unandiitana kuti ndijambule chombo cha Nowa pa khoma la kalasi. Pansi pa chombocho ndinalemba kuti madzi. Iwo anabwera, anayang'ana, n'kunena kuti, "Ana a kuno amati maji." Ine ndinati, "Chitumbuka sindichifuna, mayi. Sindikhalitsa kuno." Anandifunsa kuti ndakhala zaka zingati. Ndinati zinayi. Anati, "Ndiye kuti mwakhalitsa kale." Anatenga burashi yanga yaing'ono, n'kukonza okha mawuwo, zilembo zokhota ngati miyendo ya nkhanu. Ndinakwiya sabata yathunthu.

Chaka chomwecho bambo anga anamwalira. Kunali kozizira kwambiri, mwezi wa Juni, nthaka itauma gwa. Ndinadzuka osadziwa poyambira, chifukwa maliro a kuno ndinali ndisanawaonepo. Nditafika kumanda ndinapeza amuna oposa khumi akukumba kale, akusinthana khasu ndi piki, nthunzi ikutuluka m'kamwa. Anali anthu omwe aja ndinkawayankha ndi burashi. Mmodzi mwa iwo anali uja anati ndajambula chulu. Ataona kuti ndikunjenjemera ndi kuzizira, anavula jekete lake n'kundifunditsa. Ndinafuna kuwathokoza bwinobwino, koma m'kamwa mwanga munali liwu limodzi lokha la chilankhulo chawo. Ndinangoti yewo, yewo, yewo, ngati mwana wongophunzira kulankhula. Maliro atatha ndinapita kwa amayi ako n'kuwapempha kuti andiphunzitse. Zotsatira zake ndi iweyo.

Choncho, mwana wanga, usakakhale ngati munthu wodikira basi. Kaya ukakhalako zaka zitatu, zaka zitatuzo ndi moyo wako ndithu. Ukaphunzire kalankhulidwe kawo, ngakhale ndamva kuti Chingerezi chawo chimathamanga ngati njinga yopanda mabuleki. Ukadye zakudya zawo usanazinyoze. Mnzako wa m'kalasi akaferedwa, upite, ngakhale usakudziwa kuti kumeneko amakhala bwanji pa maliro. Amalawi anzako ukawafunefune, ukaseke nawo, koma usakadzitsekere kwa iwo okha. Kukonda anthu a kumeneko si kutikana ife. Ine ndinkaganiza kuti ndikaphunzira Chitumbuka ndiye kuti ndataya amayi anga. Sizinali choncho. Amayi ndinawataya m'njira ina, imene ndikuuze posachedwa.

Koma choyamba ndikuuze za nsapato, chifukwa nkhani imeneyi ndi imene ndikufuna uikumbukire kuposa zonse. Iwe utabadwa, ndinayamba kujambula zithunzi za pa nsalu n'kumakagulitsa kwa alendo odzaona nyama ku Kazuni. Ndinazindikira msanga zimene amakonda: njovu, mvuu itayasamula, mayi atasenza mtsuko, nyumba ya udzu. Nyumba ikakhala ya malata, ine ndinkaifolera udzu ndi burashi. Tsiku lina ndinapempha apongozi anga, agogo ako NyaGondwe, kuti ndiwajambule. Anakondwa kwambiri. Anasamba, anavala bulauzi yoyera ya amayi a kumpingo, duku loyera, ndi nsapato zakuda zimene mwana wawo anawagulira ku Mzuzu. Anazipukuta ndi mafuta mpaka kuwala. Anakhala pa mpando masana awiri athunthu osagwedezeka, msana uli chilili. Ine pojambula ndinkaganiza za mlendo wodzagula. Mpando ndinausandutsa mphasa. Bulauzi ndinaisandutsa chitenje chakutha. Nsapato ndinazichotsa, n'kujambula mapazi ong'aluka zidendene.

Nditamaliza ndinawaonetsa. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa mwakachetechete, "Skapato zane zili nkhu?" Ankafunsa kumene nsapato zawo zapita. Ndinayamba kufotokoza kuti azungu amakonda zachikale. Anandidula. Anati, "Ine ndayenda wopanda nsapato zaka makumi anayi. Ndalima fodya, ndaphunzitsa ana asanu, kuti tsiku lina ndidzavale. Ndiye inu, apongozi, mwandivula kuti anthu akutali akandimvere chisoni?" Sanakalipe. Anangonyamuka, n'kupita kwawo, nsapato zija zikulira pa miyala. Amayi ako sanandilankhule mpaka mawa lake. Chithunzicho sindinachigulitse. Ndinapita kukapepesa, ndipo patapita mwezi anavomera kukhalanso pa mpando. Chachiwiricho ndi chija chili ku nyumba ya amalume ako, chimene nsapato zake ndinazijambula mosamala kuposa nkhope.

Tiwonge, kumene ukupitako kuli anthu abwino amene ali ndi chithunzi chawochawo cha Afirika m'mutu. Ena adzakuyamikira kwambiri ukajambula umphawi, njala ndi mapazi osavala, ndipo kuyamikiridwa kumakoma, makamaka ukakhala wekha kutali. Sindikuti ubise mavuto athu. Ngati munthu alibe nsapato, mujambule alibe. Koma ngati wavala, usamuvule. Mlimi ali ndi foni m'thumba, ijambule. Mtsikana wa ku Katowo akuwerenga pansi pa getsi la sola, mujambule choncho. Nthawi zonse uzidzifunsa kuti, munthu uyu atachiona chithunzichi, adzizindikira? Usadzawavule nsapato anthu ako. Ndiponso anthu a kumeneko ukamawajambula, nawonso usawanamizire. Si onse olemera, si onse osangalala. Uwayang'ane bwinobwino monga umayang'anira ife.

Tsopano za amayi anga. Nkhani iyi sindinakuuzepo yonse. Nyumba ija tinkati tikamanga adzabwera, inatenga nthawi, kenako bambo anamwalira, ndipo amayi anaona kuti kubwera kudziko lachilendo mwamuna wawo kulibe n'kovuta. Ankandilembera makalata kudzera kwa mlongo wanga. Poyamba ndinkayankha. Kenako ndinayamba kuchedwa, chifukwa ndinkafuna ndidzalembe ndili ndi nkhani yabwino, yoti ndatsegula shopu yaikulu, yoti ndikubwera ndi mphatso. Ndinkachita manyazi kunena kuti ndikujambula nkhuku pa makoma. Chaka chinkatha, china n'kubwera. Kalata yomaliza imene anatumiza inali ya mizere itatu. Anati, "Mwanangu, sindikufuna kanthu. Ungondiuza kuti wadzuka bwanji." Ndinaiika m'thumba la ovolosi kuti ndidzayankhe Loweruka. Uthenga wa maliro unandipeza ndili pa makwerero, ndikulemba dzina la butchala. Anali ataikidwa kale masiku anayi.

Patapita miyezi ingapo ndinatenga nsalu kuti ndijambule nkhope yawo. Tinalibe chithunzi chawo chilichonse. Ndinajambula chipumi, ndinajambula makutu, koma pofika pa maso ndi pakamwa dzanja linaima. Ndinayesa kasanu. Nthawi iliyonse pankatuluka mayi wina wachilendo. Ine amene ndimatha kujambula munthu nditangomuona kamodzi pa msika, ndinali nditaiwala nkhope ya mayi wondibala. Ndinakhala pansi m'shopu muno n'kulira, ndipo amayi ako anandipeza choncho. Anandiitana m'Chitumbuka monga bambo ako, n'kundifunsa kuti, "Awiske Tiwonge, chimene mukukumbukira bwino n'chiyani?" Ndinati ndikukumbukira msana wawo, akuyanika zovala pa waya, nsalu ya buluu itamangidwa m'chiuno. Anati, "Jambulani chimenecho."

Ndi chithunzi chija chili pa khoma la pabalaza. Mayi wafulatira, akuyanika malaya. Kumanzere kwake kuli mulu wachikasu wa pamgodi, kumanja kuli mapiri a Nyika ndi nkhungu yake, ndipo waya wa zovala wachoka uku kufika uko. Sindinakonze kuti zikhale choncho. Dzanja linangopita lokha, ndipo ulendo uno sindinafufute. Uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi unaima pansi pake n'kundifunsa kuti, "Adada, kumeneku tidzapita liti?" Unkaganiza kuti ndi malo enieni. Koma malo amenewo kulibe basi yopitako. Ali mwa ine, ndipo penti yokha ndi imene inatha kuwaonetsa.

Ndiye yankho la funso lako lija ndi limeneli. Akakufunsa kuti kwanu n'kuti, usachite mantha kuyankha motalika. Uwauze za Katowo, za agogo a ku mgodi, za Chitumbuka cha amayi ako ndi Chichewa cha m'komboni cha bambo ako. Akatopa kumvera, aonetse chithunzi. Sukuyenera kusankha mbali imodzi kuti fomu yawo idzaze bwino. Ndipo pakapita nthawi, mvula ya kumeneko ndi nyumba zawo zamiyala zidzayamba kulowa m'zithunzi zako, pafupi ndi chigayo chathu. Usadzaone ngati wapandukira kwanu. Zilole zilowe.

Koma uziimba foni, Tiwonge. Ndikubwereza: uziimba foni. Usadikire kuti ukhale ndi nkhani yabwino. Ukalephera mayeso, imba. Ukakhala kuti wangodya buledi tsiku lonse ndipo dzuwa silinatuluke, imba, unene zomwezo. Amayi ako safuna mendulo. Netiweki ikavuta m'nyumba adzakwera pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi, monga amachitira akamalankhula ndi amalume ako. Ndipo uziyatsa kamera, tizikuona nkhope.

Cholakwa chomaliza ndinakulakwira iweyo, ndipo sindinapepesepo. Uli Fomu 2 unajambula mayi uja wogulitsa tomato pa siteji. Mthunzi wa pankhope pake unaupaka wobiriwira, khosi lake n'kuika buluu. Unabwera nacho kwa ine maso akuwala. Ine ndinati, "Munthu sakhala wobiriwira," ndipo ndinatenga burashi n'kupaka bulawuni pamwamba pake, iwe ukuona. Sunalire. Unangoti, "Yewo, adada," n'kutuluka. Chaka chonse chotsatira sunagwire burashi, ndipo ine m'malo modandaula ndinakondwa, chifukwa ndinkafuna udzakhale namwino, ntchito imene palibe amaiseka. Tsiku lina ndikudutsa pa siteji masana ndinamuyang'ana mayi uja atakhala pansi pa ambulera yake yobiriwira. Nkhope yake inalidi yobiriwira. Iwe unaona, ine sindinaone, ngakhale ndinkadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku. Ndinaima pamsewu mpaka wa njinga anandiimbira belu. Pepa, mwana wanga. Ndikuthokoza Mulungu kuti unali wamakani ngati amayi ako, unayambiranso mobisa m'makope a sukulu, ndipo aphunzitsi ako anatumiza zithunzi zako kumene ine sindikanalota n'komwe.

Aphunzitsi a kumeneko adziwa zambiri zimene ine sindidziwa. Ine ndimasakaniza penti wa nyumba m'zitini za sopo, iwo akakuphunzitsa zinthu zimene sinditha kuzitchula. Uwamvere, ufunse mafunso, ukhale woyamba kufika m'kalasi. Akakuuza kuti dzanja ili walijambula molakwika, libwereze kakhumi. Koma wina akatenga burashi kuti apake pamwamba pa chimene maso ako aona, ugwire dzanja lake mwaulemu. Ngakhale atakhala ine.

Zina ndi zazing'ono. Jekete lija tagula pa kaunjika ku Rumphi boma ndi la kuzizira kwa ku Nyika, kumeneko mwina likachepa mphamvu, ndiye ukafunse anzako kumene amagula otchipa. Maburashi uzitsuka tsiku lomwelo. Kutchalitchi uzipita, ngakhale ndamva kuti nyimbo zawo amaimba ngati akuopa kudzutsa mwana. Wina akakunyoza chifukwa cha khungu lako, zidzakupweteka, ndikudziwa, chifukwa dzina lija la mabhurandaya limandiwawabe mpaka lero. Usazisunge wekha mumtima. Uuze munthu. Ndipo ukumbukire kuti pa anthu khumi okuseka pamakhala wina amene tsiku la mavuto adzakufunditsa jekete.

Pali chinthu chimodzi chimene amayi ako sangakuuze, chifukwa akuchiopa, ndiye ndikuuza ine. Mwina ukamaliza sukulu udzafuna kubwerera, ndipo tidzakulandira ndi manja awiri. Koma mwina udzapeza ntchito kumeneko, kapena munthu wokukonda, ndipo udzakhala. Zikadzatero, usadzabwere kwa ife mutu uli pansi ngati waba. Bambo anga anachoka, ine ndinabwera, iwe ukupita. Banja lathu ndi la anthu oyenda, ndipo palibe aliyense wa ife anatayika chifukwa choyenda. Ana ako akadzabadwira kumeneko, udzawaphunzitse kunena yewo ndi zikomo, udzabwere nawo adzadetse zovala ndi penti m'shopu muno. Ine ndidzawapatsa burashi yaikulu ndi khoma, ndipo ndidzakhala chete, kaya ajambule munthu wa mtundu wanji.

Mawa galimoto ya matola ikadzafika, udzandiona ndikukangana ndi dalaivala za kamangidwe ka sutikesi yako. Ndidzati chingwe chake n'chofooka, ndidzamasula, ndidzamanganso ndekha, ndidzakoka mfundo kawiri katatu mpaka anthu ayambe kudandaula kuti tikuchedwa. Amayi ako adzakukumbatira n'kukuuza mawu onse oyenera. Ine mwina ndidzangoti uyende bwino, maso ali pa chingwe. Usadzaganize kuti sindikukuona. Chingwecho chidzakhala chili bwinobwino kuyambira poyamba. Ndidzangofuna kuti galimoto iime pang'ono.

Pita, mwana wanga. Ukajambule zimene ukaone.

Ndine bambo ako okukonda chomene,
Awiske Tiwonge